Alendo Anadya Mbewu

"Chotsani dzanja m'thumbamo, amake Nilda."

"Ndilichotse ndikaliike kuti? Mumphika mulibe kanthu. Kapena ndiphike dzanja lomweli?"

"Ndati imeneyo ndi mbewu. Mbewu sadya."

"Kauzeni ana anu zimenezo. Muwauze kuti mimba zawo azikoleke pamsomali mpaka tidzakolole."

Ine ndinali pakhomo ndikupota ubweya wa nkhosa, maso nditatsinzina ngati ndagona. Nkhalamba ikafuna kumva bwino imayamba yatsinzina. Okanganawo anali Hilario, mwana wa malemu mchimwene wanga, ndi mkazi wake Teodosia. Ine ndine Saturnina, azakhali a pakhomopo, amene sukulu ndinangoiona chitseko ndikudutsa ndi nkhosa.

Thumba ankalimbiranalo linali lomaliza. Matalala a mu Febuluwale anasasantha munda wonse wa kumunsi, uja Hilario anadzalamo mbatatesi yoyera yogulitsa kwa anthu a tchipisi a mumzinda waukulu wa Lima. Kanapulumuka ndi kamunda kanga ka kuphiri, kumene ndimadzala mosakaniza mitundu ya amayi anga: yofiira, yakuda, yachikasu, ina yamawanga ngati dzira la nkhwali. Ya kamundako tinadya chikololere. Tsopano mvula inali pafupi, ndipo inatsala ndi yodzala yokha.

"Loweruka kutchalitchi cha kumsika akugawa chakudya," anatero Teodosia. "A Casimiro akalandira kale. Mpunga, mafuta ophikira, nsomba za m'chitini."

"Ine mwana wa Eleuterio Taipe ndikaime pamzere chipewa chili m'manja? Bambo anga ankadyetsa mudzi wonse wa Wayrapata."

"Ndiye pitani kumanda akakupakulireni."

Apa ndinatsegula diso limodzi.

"Iwe Hilario, bambo akowo ine ndinawadziwa asanayambe kuvala buluku, ndiye usandiopseze nawo. Manyazi adapha lambe. Ana akapanda kudya za kutchalitchi adya mbewu. Mbewu ikatha udzala chiyani? Ukapanda kudzala upita kuti?"

Tonse tinkadziwa kumene mwamuna wopanda mbewu amapita: kumgodi wa kuseri kwa phiri. Mng'ono wake Fermín anapita kumeneko akuimba mluzu, anabwerako akutsokomola, ndipo chaka chisanathe tinakamuika.

"Pamzerepo ndikaima ndine," ndinatero. "Manyazi anga anagwa limodzi ndi mano."

"Anthu adzati chiyani, azakhali?"

"Adzati Saturnina wayamba kusakasaka mwamuna kutchalitchi. Akhala akunena zimenezo chifere amalume ako."

Teodosia anaseka osafuna, natulutsa dzanja m'thumba muja.

Loweruka ndinavala masiketi anga atatu, nsalu yoberekera katundu kumsana, ulendo wa kumsika. Malo ogawirawo ati dzina lake ndi banki ya chakudya. Ndinafunsa mnyamata wa pachipata ngati ndingasungitsemo njala yanga kuti izibereka, koma sanaseke. Ana a masiku ano nthabwala amaifuna itabwera pafoni.

Mzere unali wautali, ndipo zipewa zonse zinali zotsitsidwa mpaka pamphuno. Koma munthu wa kwanu sumudziwira nkhope yokha. Kutsogolo kwanga kunali zidendene zimene ndikanazizindikira ngakhale pakati pa chikwi.

"Eusebia, ungabise nkhope, nanga mapazi?"

"Khala chete, Saturnina. Ine ndabwera kudzaona abambo mfumu."

"Inenso. Ndiye thumbalo ndi lotengeramo madalitso?"

Anandigunda ndi chigongono. Mapazi amenewo, inu, ndi amene ankatsogolera atsikana onse a ku Wayrapata popanga chunyo. Paja banki yathu ife inali imeneyo. Mu Juni, chisanu chikayamba kuluma, tinkayala mbatatesi pabwalo. Chisanu chinkaiumitsa ngati miyala, dzuwa n'kuifewetsa, ndiye ife tinkaiponda opanda nsapato kuti madzi atuluke, masiketi titawakwinya, anyamata atakhala pamiyala akuliza zitoliro, ati kutithandiza, chikhalirecho akuonera akakolo. Malemu amuna anga anandikondera mapazi, nkhope anadzaiona pambuyo, kubwerera kutavuta kale. Chunyo ikauma inkakhala m'nkhokwe zaka ndi zaka osaola. Matalala akagwa, amayi ankangogwedeza mutu n'kutuma mwana kunkhokwe.

Lero chisanu chimabwera mwezi umene chafuna, ngati mlamu wosalongosoka. Kasupe wathu anayamba kuchepa chiboolere phiri a mgodi. Anyamata oti tizilima nawo mothandizana, lero kwa uyu mawa kwa uyo, ali ku Lima akuthamangitsa njinga zamoto. Kenako kunabwera ogula ndi malole awo, ati siyani timitundu tanuti, dzalani yoyera yokha. Yoyerayo imadya feteleza ngati mwana wa bwana, ikakhwima imakwera lole yonse, ndipo m'nkhokwe mumatsala akangaude. Kuli kokolola bwino mtengo umagwa, kuli matalala palibe chogulitsa. Ndi mmene alimi a mbatatesi tinapezekera pamzere wa mpunga.

Wogawayo anali mtsikana wa m'tauni, dzina lake Rocío, wa nsapato zoyera ndi mawu ofatsa. Anandithandiza kumanga katundu pansalu.

"Agogo, za lero tengani. Koma chakudya chachepa, mabanja achuluka. Masitolo amene amatipatsa zotsala achepetsa. Ndiye tiyendera makomo, tione amene avutikitsitsa, ndi amene tizipitiriza nawo."

"Ufikanso kwathu, mwanawe?"

"Lachinayi, agogo."

Tsiku limenelo ana anadya mpunga mpaka kunyambita mbale. Hilario naye anadya, nkhope atalozetsa kukhoma. Nditaona kuti mimba zafewa ndinatula uthenga uja. Teodosia anaimirira ngati wakhalira munga.

"Alendo? Lachinayi lomweli? Mukunena tsopano, azakhali? Taonani khomali mmene lilili. Mbale zabwino tilibe. Ndikabwereka kwa a Eusebia."

"Mwana wanga, awa si alendo odzafunsira mbeta. Akubwera kudzaona njala. Asiyire njalayo pamphasa, aione bwino."

"Afike pakhomo panga achoke kukamwa kuli gwa?" anatero Hilario. "M'nyumba ya bambo anga zimenezo sizinachitikepo. Mlendo ndi mame, azakhali, sachedwa kukamuka. Munandiphunzitsa ndinu."

"Ndinakuphunzitsanso kupukuta mamina, koma suchita."

"Tiwapatsa kanthu kochepa chabe."

"Mwana wosalira amafera m'mbereko, Hilario. Mukadzafunsidwa mudzalire."

Kanthu kochepako kanakula ngati chotupa. Lachitatu Teodosia anazira khoma ndi dothi loyera. Anasambitsa ana awiri aja, Nilda ndi mng'ono wake Yesenia, mpaka masaya kuwala. Pansi pa chitofu tinali ndi mbira ziwiri zotsala, yaimuna ndi yaikazi, zimene tinazisunga kuti ziswane. Nazonso zinali mbewu. Lachinayi m'mawa ndinapeza Hilario akuziyang'ana, mpeni uli m'manja.

"Imodzi yokha," anatero.

"Alendo ali awiri," anayankha Teodosia. "Mmodzi azidya mnzake akuonerera?"

Thumba lija linatsegulidwa ndi Hilario yemwe uja wa mbewu sadya. Teodosia ankasankha zosalala, n'kumaponya mmbuyo zamabamphu zija timazitcha mlizamtengwa. Mbatatesi imeneyo ili ngati chibakera cha nkhalamba, yonse mfundo ndi maenje. Mkwatibwi akafika pakhomo la apongozi amapatsidwa imeneyo kuti asende, osadula bamphu ngakhale limodzi.

"Ukuikumbukira mnzako?" ndinamufunsa. "Tsiku lija unafika kuno ndi mangongo awiri, alamu anga, amake Hilario, atakupatsa yaikulu ngati mutu wa mwana. Unalira mpaka mpeni kuchita dzimbiri."

"Inu munkaseka kuseri kwa chitseko, azakhali. Ndinakumvani."

"Ndinkakupempherera."

"Mapemphero a mtundu wanji ogwira m'mimba?"

Ndinapitiriza kudandaula kuti tikudzikumbira dzenje. Koma galimoto itaima kumunsi, ndikuona anthu awiri akukwera kanjira kathu akupuma wefuwefu, ndinangopezeka ndayala bulangete langa la paukwati pampando. Manjawa ali ndi nzeru zawozawo, ndipo anaphunzira kale mutu usanayambe.

Rocío anafika ndi dalaivala wake, bambo wa mimba yotsogola. Ataona mbale anabweza manja.

"Ayi, amayi, musavutike. Ife tadya kale. Tangobwera kudzacheza nanu pang'ono."

"Kuno wokana chakudya ndi amene wabwera ndi mlandu," ndinatero ine ndemwe. "Wabwera ndi mlandu, mwanawe?"

Anakhala pansi. Mbira zinali zootcha bwino, khungu lake lokhukhuta, tsabola wosinja pambali. Mbatatesi zitang'ambika mumphika zinaonetsa mitima yake, ina yofiirira ngati kutuluka kwa dzuwa, ina yakuda bii. Dalaivala sanadikire pemphero. Akamaliza, Teodosia ankawonjezera, poti mbale ya mlendo siioneka pansi mwini nyumba ali chiimire. Ife tinati tadya kale. Ana tinawatuma kukakhala pakhomo, atauzidwa zoyenera kunena, monga mmene ife tinkauzidwira.

"Zokoma bwanji," anatero Rocío. "Mukudziwa kuti ku Lima mbatatesi zotere zimadyedwa m'malo odyera a anthu olemera okhaokha? Muli ndi mwayi." Anajambula mbale ija ndi foni yake, kenako anacheukira Hilario. "Bambo, pakhomo pano zimachitika kuti mwagona osadya?"

Ndinamutsinzinira diso Hilario mpaka chikope kuwawa. Iye anayang'ana mlendo wake, nyama ya mbira ili m'manja mwa mlendoyo. Munthu ungamuuze bwanji kuti chimene akutafunacho ndi chomaliza? Chingamutsamwe.

"Mulungu amatisunga, mayi," anatero.

Rocío anaitana Nilda. "Iwe wokongola, lero wadya?"

Nilda anayang'ana mafupa a m'mbale ya dalaivala, nameza malovu.

"Tadya, zikomo."

Zotsala Teodosia anazimanga pakansalu kuti alendo akadye panjira, monga mwa mwambo. Atatsika, ana anakhalira mafupa aja. Ine ndinapinda bulangete langa.

Loweruka ndinapitanso. Nditafika kutsogolo kwa mzere, Rocío anandigwira dzanja n'kupita nane pambali, pansi pa belu.

"Agogo, pepani. Banja lanu silinalowe. Tinaona kuti inu muliko bwino poyerekeza ndi ena. Muli ndi ziweto, muli ndi chakudya chosunga, nyumba yosamalika."

Ndinayang'ana pamzere. A Casimiro anali pomwepo, thumba lili chotsegula. Iwo anakhalapo ku Lima zaka zambiri, amadziwa mmene umphawi amauyalira pamaso pa anthu a m'tauni. Tsiku la alendo nkhosa zawo zinakagona kuseri kwa chitunda, ndipo alendowo sanapatsidwe ngakhale madzi. Sindiwada a Casimiro. Nawonso njala ili nawo, kungoti iwo anapita kusukulu yake. Eusebia sindinamuone. Ndinamva pambuyo pake kuti iye anawaphera nkhuku.

"Mwanawe, unakonda mbira ija?"

"Kwambiri, agogo."

"Inali ndi mwamuna wake. Anadya a dalaivala. Pakhomo paja mbira zinali ziwiri zomwezo. Mbatatesi munadya ija ndi munda wathu wa chaka chamawa. Mbale zinali za Eusebia. Chathu chenicheni pa zonse unaona paja ndi njala yokha, koma imeneyo tinaibisa kuseri kwa chitseko chifukwa sivala bwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Mtsikana uja nkhope inagwa.

"Bwanji simunanene? Ndinafunsa, agogo. Ndinafunsa bambo aja, ndinafunsa mwana."

"Unafunsa uli ndi nyama m'kamwa. Mlendo sauzidwa za njala akudya. Amayi ako sanakuuze?"

"Agogo anga anali a kumapiri konkuno," anatero motsitsa mawu. "Nawonso tikapita ankati adya kale." Anapukuta m'maso ndi mkono wa juzi. "Mabanja asankhidwa kale ku ofesi, ndipo kaundula samutsegulanso mpaka chaka chitatha. Koma ndiyesa. Ndibweranso kwanu ndidzaone bwino."

"Usabwere, mwana wanga. Chatsala choti tikuphere ndine, ndipo nyama yanga ndi yolimba."

Anaseka akulira. Anandipatsa mpunga pang'ono umene unatayikira pansi pa katoni, ndipo ndinalandira, poti manyazi paja ndilibe.

Mpunga umenewo sunakhalitse. Pambuyo pake dzanja la Teodosia linalowanso m'thumba, ndipo ulendo uno palibe anati chotsani. Hilario ankatuluka panja mphika ukamaikidwa pamoto. Yachikasu inatha, yofiira inatha, yamawanga ija ya amayi anga inatha. Ine ndinkadya ndikuitchula mayina mumtima ngati ndikutsanzika abale pa siteji ya basi. Ana ankafunsa chifukwa chake azakhali asiya nthabwala pakudya, ndinkati mano alibe, nthabwala zikumatulukira m'mbali.

Mvula yoyamba itagwa, fungo la dothi litalowa m'nyumba, Hilario anatsitsa chikwama cha malemu Fermín pamsomali.

"Chimenecho mukupita nacho kuti?" anafunsa Teodosia.

"Lole ya kumgodi idutsa mawa. Akufuna anthu."

"Chikwama chomwecho? Mukufuna chidzabwere chokha?"

"Nanga nditani, amake Nilda? Anthu akudzala, ine ndidzale miyala? Ndikatumiza ya mpunga mwezi ukatha. Ndikangopeza yogulira mbewu ndibwerera."

"Fermín ananenanso choncho, ataima pomwe mwaimapo."

"Zikanakhala kuti ndinamuuza zoona mtsikana uja..."

"Mbale ndinabwereka ndine. Mbira yachiwiri ndinanena ndine."

"Bulangete ndinayala ndine," ndinatero. "Mlandu tisaulimbirane ngati ndi nyama, ukwanira tonse. Takhuthula thumbalo tione chatsala."

Teodosia analikhuthula pamphasa. Panagubuduka mlizamtengwa yekhayekha, wokwana m'chipewa changa kawiri, maso ake atayamba kale kuphuka m'maenje muja. Masiku onsewa dzanja lake linkaulambalala.

"Ulesi wosenda wapulumutsa mtundu," ndinatero.

"Si ulesi, azakhali," anayankha osandiyang'ana. "Imeneyi ndi imene inandilowetsa pakhomo pano. Sindikanaiphika."

M'mawa mwake tinakwera tonse kukamunda ka kuphiri. Kale tsiku lodzala kunkabwera mudzi wonse, amuna atandandalika ndi makasu awo opondera, akazi pambuyo ndi mbewu m'nsalu, zitoliro zikulira, mowa wa chimanga ukuyenda m'chikho mpaka dzuwa kupendeka. Tinkaveka maluwa m'zipewa. Amene wakumba mzere wokhota tinkamuimba nyimbo chaka chonse. Tsiku ili tinalipo asanu, kuwerengera ndi Yesenia amene ntchito yake inali kugwa. Mowa wothira pansi kupatsa nthaka tinalibe, ndiye ndinathira madzi n'kuiuza nthakayo kuti isanyansidwe, nayonso yaona mmene zinthu zilili.

Hilario ankaponda khasu, Teodosia n'kuponya mbewu m'dzenje, Nilda n'kukwirira ndi phazi. Mwamuna kutsogolo, mkazi pambuyo, monga zakhalira chiyambire. Dzuwa lisanatenthe n'komwe tinali titatsala pang'ono kumaliza, pamene lole inaliza hutala kumunsi kumsewu.

Hilario anazika khasu pansi. Ananyamula Yesenia, namutsitsa. Anagwira Nilda pamutu. Kwa mkazi wake anangoti, "Muzipalira msanga, udzu wa kuno sucheza." Kwa ine anavula chipewa.

"Azakhali, muziwayang'anira."

"Pita, usatichedwetse. Ndipo kumeneko akakufunsa ngati wadya, udzati ayi."

Anatsika chothamanga, chikwama cha Fermín chikumumenya kumsana. Tinamuyang'ana mpaka lole inakhota kuseri kwa chitunda.

Nditacheuka ndinaona Teodosia ataima pakati pa mzere, mbatatesi yomaliza ili m'manja, dzenje lake palibe. Misozi inkatsikira pachibwano n'kudonthera pamabamphu paja.

"Taona, Nilda," ndinatero. "Yawalizanso amayi ako, osaisenda n'komwe."

Teodosia anaseka chophulika, mamina ndi misozi pamodzi, nandigenda nayo. Inandimenya pasiketi n'kugwa. Ndinaitola, poti mbewu sataya, ndinamubwezera m'manja, kenako ndinazula khasu la Hilario. Linali lolemera kuposa mmene ndinkaganizira. Koma mapazi awa anapondapo chunyo pachisanu cha mu Juni, zitoliro zikulira. Ndinakwinya masiketi, ndinaponda, dothi linatseguka.

"Ponya, mtengwa," ndinatero.

Anaponya, ndipo Nilda anakwirira.